Nsapato za Kuseri kwa Mphasa

Ndinayamba kulangiza mabanja ndisanafunsiridwepo ndi mwamuna aliyense. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, satifiketi ya maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi, ndi kabuku kachikuto chobiriwira komwe ndinkakhulupirira kuti mavuto onse a m'banja analembedwamo. A mpingo ananditumiza ku Mangochi kuti ndikaphunzire ntchito chaka chathunthu m'manja mwa mayi wina amene anayamba kulangiza mabanja ine ndikukwawa. Kachipinda kathu kanali kuseri kwa tchalitchi, ndipo kankanunkha utaka wouma chifukwa woyandikana nafe ankagulitsa nsomba.

Mayi wondiyang'anirayo anali wamfupi, wojintcha, wa mawu ochepa. Ankanditchula kuti mwanawe, ine n'kumati Amayi. Zaka zingapo m'mbuyomo anali atapita kunja kukachita kosi, ndipo kumeneko anaona chinthu chomwe chinawatenga mtima. Akuti wophunzira amakhala ndi banja m'chipinda, mphunzitsi wake n'kumaonera kuseri kwa galasi looneka mbali imodzi. Galasi lotero ku Mangochi kunalibe, koma bango linalipo lambiri. Choncho Amayi anagula mphasa yatsopano pamsika, naipachika pa mtanda wa denga, chipinda n'kugawika pawiri. Kuno kunali ine ndi banja lodzalangizidwa, uko kunali iwo pa kampando kawo, lichero la mtedza lili pamiyendo.

Lamulo lawo linali limodzi. Ndikayankhula motalika kuposa eni ake banja, ankaponya mtedza umodzi m'chitini chopanda kanthu. Chitinicho chinkati ngwe, ine n'kudziwa kuti ndatayirira. Anthu akapita, ankakhuthula mtedzawo m'dzanja langa. Masiku oyamba dzanja limodzi silinkakwanira, ndipo madzulo ndinkakazinga zolakwa zanga n'kudya.

Panali zinthu ziwiri zomwe tonse sitinaziganizire. Mphasa ija inali yaifupi, inkasiya mpata wonga chikhatho pansi. Komanso Amayi anali ndi vuto lotupa mapazi, ndiye ankavala nsapato za malemu amuna awo, zakuda, zazikulu, zopolishidwa m'mawa uliwonse.

Muzikumbukira kuti zinali zaka za chipani chimodzi. Munthu ankayamba wacheuka asanadandaule ngakhale za mtengo wa sopo. Pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo chithunzi cha mtsogoleri chinali pakhoma la ofesi iliyonse, ngakhale kachipinda kathu konunkha utaka. Tonse tinkadziwa wina amene anayankhula molakwika pamowa, n'kupita osabwerera.

Ntchito inandiyendera modabwitsa. Banja linkalowa nkhope zili gwa, mwamuna kuyang'ana kumadzulo, mkazi kum'mawa. Akakhala pansi, maso ankatsika, n'kukwera, mwamuna n'kukonza kukhosi. Kenako ankanena kuti kunyumba kuli mtendere, kuti kusamvana kunalipo pang'ono koma kunatha panjira. Ena ankawonjezera kuthokoza boma chifukwa cha chitukuko ndi misewu yabwino. Bambo wina wa ku Chowe, amene mkazi wake anali atamuswera mbale pamutu, anatulutsa khadi la chipani n'kuliika patebulo ine osamufunsa. Ndinkawerengera anthuwo mutu umodzi wa m'kabuku kanga, chitini chikulira, kenako n'kulemba kalata yopita kwa abusa awo yakuti banja lagwirizana.

Ndinadzitukumula, sindikana. Ndinalembera mayi anga ku Zomba kuti ndili ndi mphatso, kuti anthu amangondiona n'kukhululukirana. Amayi a kuseri kwa mphasa sanasangalale nane. Ankati munthu sakwera lole tsiku lonse kudzangokuuza kuti ali bwino, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma iwo ankaganiza kuti vuto ndi pakamwa panga, ndiye mtedza unkangochuluka.

Mwezi wa Malichi kunabwera banja lochokera kugombe la kum'mawa, pafupi ndi mishoni yakale. Anabwera ndi kalata ya wansembe wawo. Mwamunayo anali siginala wa khoka la chilimira, ndiye kuti munthu amene amatsogola m'kabwato kakang'ono kusaka pomwe pali nsomba, anzake n'kuponya khoka pomwe iye waloza. Anali wamtali, wa manja okhakhala, ndipo chipewa chake ankachipotokola ngati akuchifinya madzi. Mkazi wake anali wocheperako thupi, mwana ali kumbuyo, maso ali pansi. Anali atakhala m'banja zaka khumi, ana atatu.

Kalata inanena mosabisa. Ankhoswe anali atalephera. Mwamunayo anali mkamwini, ankakhala kwao kwa mkazi, ndipo malume a mkaziyo anali atanena kuti nkhani ikapanda kutha pofika Pasaka, bamboyo anyamule bulangete lake azipita. Wansembe anatitumizira anthuwa ngati khomo lotsiriza. Chomwe anayambanirana sichinalembedwe.

Tsiku loyamba zinayenda monga mwa masiku onse. Siginala uja, munthu wozolowera kuona nsomba pansi pa madzi, anaziona nsapato asanakhale n'komwe. Anati kwao kuli mtendere, nsomba zikugwidwa, boma likusamala asodzi. Mkazi wake sanatsegule pakamwa. Amayi anandiletsa kulemba kalata, anati abwerenso. Anabweranso patatha sabata, nanena zomwezo, mawu ake omwewo. Pasaka inali itatsala masabata awiri, ndipo ine kalata yanga yakuti banja lagwirizana ndinali nditailemba kale, ikungodikira sitampa.

Masana a tsiku lachiwirilo ndinapita kumsika kukagula tomato. Ndinamupeza mayi uja pansi pa mtengo wa mango pomwe ankadikirira lole, akuyamwitsa mwana. Mwamuna wake anali atapita kukagula ulusi wosokera khoka. Mayiyo anandikodola ndi dzanja, nayang'ana uku ndi uku.

"Asisi, pepani ndifunse nawo," anatero monong'ona. "Abambo a nsapato aja amalemba zonse, kapena amangosankha?"

Ndinafunsa kuti abambo ati. Anandiyang'ana ngati ndikumuyesa. Kenako anandifotokozera kuti gombe lonse, kuyambira kwao mpaka ku Chembe, likudziwa kuti m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi mumabisala bambo wa boma. Akuti ali ndi makina omwe amalira ngwe munthu akanena mawu olakwika. Aliyense wotumizidwa kwa ife ankalangizidwa ndi abale ake asananyamuke kuti akangoyamika n'kutuluka.

"Komatu timakumverani chisoni," anawonjezera. "Makina aja amalira kwambiri mukamayankhula inuyo. Kwathu akuti simufika Khirisimasi."

Ndinaseka mpaka tomato anagwa m'thumba. Koma kuseka kunathera panjira, manyazi n'kundigwira. Mphatso yanga yonse, yomwe ndinalembera mayi anga, inali nsapato za munthu wakufa. Ndinamupempha kuti asakwere lole, adikire pomwepo.

Kuuza wamkulu kuti walakwa si ntchito ya masewera. Ndinalowa, ndinagwada, ndinayamba ndi kutali, za kutentha kwa dzuwa ndi kudula kwa tomato. Amayi anatola mtedza n'kuuonetsa ku chitini, ndiye ndinangonena zonse kamodzi. Anabwezera mtedza uja m'lichero. Kenako anavula nsapato imodzi, naiyang'ana kunsi ndi pamwamba, n'kuyamba kugwedezeka mapewa. Anaseka mpaka misozi, akuti amuna awo anali mphunzitsi wofatsa woopa ngakhale nkhuku, lero asanduka kazitape ali m'manda.

Atapukuta misozi nkhope inasintha. Anati akulu amati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo iwo akhala kapasule miyezi isanu osadziwa. Anati anatengera nzeru ya eni ake osafunsa ngati ingamere m'dothi lino. Sindinawamvepo akudzitsutsa chotero, ndipo ndinawakonda kuyambira tsiku limenelo. Anakwera okha pampando, namasula mphasa ija, naiyala pansi. Ananditumiza kukatenga banja lija.

Atalowa anapeza mayi wachikulire wosavala nsapato atatambalala pamphasa, nsapato zili pakona ngati agalu awiri ogona. Siginala anaima pakhomo, mwendo umodzi kunja.

"Lowani, bambo. Abambo a boma aja ndine," anatero Amayi. "Makina ake ndi awa."

Anaponya mtedza m'chitini. Ngwe. Mwamunayo anayang'ana chitini, nayang'ana nsapato, nayang'ana mapazi otupa, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono. Amayi anafotokoza kuti iwo salangiza banja, wolangiza ndine, iwo ntchito yawo ndi kulangiza ine chifukwa ndikadali wosakhwima. Anakankhira lichero pakati kuti aliyense aziswa mtedza. Ankati manja akakhala ndi chochita, pakamwa pamamasuka.

Zinatenga nthawi, koma mwamunayo anayankhula. Dandaulo lake linali limodzi. Miyezi itatu tsopano, mkazi wake sankathira mchere m'ndiwo. Chambo, utaka, nkhwani, zonse zinkabwera zozizira ngati madzi a mvula. Anadandaula kwa ankhoswe, ankhoswe anagwedeza mitu, koma mchere sunabwerere.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa nkhani imeneyi inalimo m'kabuku, pa mutu wa kasamalidwe ka pakhomo. Ndinatembenukira kwa mayi uja n'kuyamba. Ndinamuuza kuti chakudya chokoma chimamanga banja. Ngwe. Ndinamuuza kuti mchere si wodula, angathe kusinthanitsa ndi usipa pang'ono. Ngwe. Ndinayamba kufotokoza kuchuluka kwa mchere woyenera pa poto wa anthu asanu, ine amene ndinkapsereza ngakhale madzi a tiyi. Ngwe, ngwe. Tsopano chitini chinkalira pamaso pa onse, ndipo ndinaona mayi uja akubisa kumwetulira ndi nsonga ya chitenje.

Amayi anapempha alendowo kuti apitirize kuswa mtedza, nanditengera pakhonde. Anandifunsa kuti kwathu ku Zomba mkazi amaleka liti kuthira mchere m'ndiwo. Ndinati mchere ukatha. Anandiyang'ana mwachifundo ngati mwana wodwala. Ine ndinakulira m'nyumba za boma, bambo anga anali kalaliki, ndipo za miyambo ankati n'zachikunja, zisamatchulidwe pakhomo pawo.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala tsempho, amatupa n'kutsokomola, mwina kufa kumene. Choncho mkazi wotero amasiya kugwira mchere. Anati sakundiuza kuti ndikhulupirire, koma anthu awiri ali m'katimo akukhulupirira, ankhoswe awo akukhulupirira, ndipo ine ndakhala ndikuphunzitsa kuphika munthu amene mudzi wonse ukumuyesa wachigololo.

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike. Ndinawapempha kuti alowe iwo akamalize. Anakana.

"Ndikalowa ine, iwe udzaphunzira liti? Kafunse funso limodzi, mwanawe, limodzi lokha. Ukatero utseke pakamwa ngakhale denga ligwe."

Ndinafunsa kuti funso lake liti. Anati ndisankhe ndekha, n'kutsogola kulowa.

Ndinakhala pamphasa. Ndinayang'ana mayi uja n'kumufunsa kuti tsiku lomwe analeka kuthira mchere, panachitika chiyani. Ndiyeno ndinatseka pakamwa. Chetechete ameneyo ndimamukumbukira mpaka lero. Mawu anali atadzaza m'kamwa mwanga ngati njuchi, mitu itatu ya m'kabuku ikukankhana kuti ituluke. Ndinayang'anitsitsa chitini. Kunja wogulitsa nsomba ankakangana ndi kasitomala, mwana kumbuyo kwa mayi ake ankayamwa chala.

Kenako mayi uja anayamba, mawu ali pansipansi, manja akuswabe mtedza. Chakumapeto kwa chaka khoka linkabwera lopanda kanthu masabata angapo. Siginala akaloza, anzake akaponya, ankakoka madzi okhaokha. Asodzi anayamba kunong'onezana kuti kunyumba kwa siginala sikuli bwino, kuti nsomba zimathawa mwamuna amene mkazi wake akuyenda njira zina. Mayiyo anazimva kudooko, nazinyalanyaza. Ndiye tsiku lina akuphika, mayi ake omubala atakhala pafupi akusankha mpunga, iye atatapa kale mchere m'dzanja, mwamuna wake anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti lero mchere athire mwana.

"Zaka khumi, asisi," anatero. "Sanandifunse, sanandikalipire. Anangoti athire mwana, pamaso pa amayi. Ndinaubwezera m'chigubu mcherewo. Ndinati ngati dzanja langa ndi lopha, azidya zozizira akhale ndi moyo."

Iye ankaganiza kuti pakapita masiku awiri mwamuna wake apepesa. M'malo mwake bamboyo anakadandaula kwa ankhoswe kuti ndiwo zilibe mchere. Ankhoswe atamva, anangoyang'anana. Kwa iwo nkhani inali yatha, mkazi wasiya mchere chifukwa akudziwa chomwe anachita. Kukwiya kwake anakuwerenga ngati kuvomera mlandu. Malume ake omwe ankafuna banja lithe msanga kuti manyazi asafalikire. Onse ankadziwa tanthauzo la mchere, n'chifukwa chake panalibe amene anafunsa.

Siginala anali atasiya kuswa mtedza. Anati sanaonepo mwamuna aliyense pakhomo pake, ndipo mumtima sankakhulupirira n'komwe. Koma mwini khoka anali atayamba kuyang'ana siginala wina, anzake ankamuseka m'bwato, ndipo iye anachita mantha. Nsomba zinabwerera zokha mwezi wotsatira, kwa aliyense, koma mawu aja analibe njira yowabwezera m'kamwa. Ankaganiza kuti akamadandaula za mchere, mkazi wake angoyambiranso kuthira, nkhani n'kufa yokha. Ananena izi akuyang'ana chipewa chake, ndipo ndinamumvera chisoni ngakhale ndinkafuna kumumenya nacho.

Apa ndinali ndi chigamulo chokoma kwambiri, cha kukhululukirana, ndi vesi lake lomwe. Ndinakoka mpweya. Pakona ya diso ndinaona dzanja la Amayi lili pamwamba pa chitini, mtedza uli pakati pa zala. Ndinautulutsa mpweyawo wopanda mawu.

Ndiye mwamunayo, poona kuti palibe womuweruza, anatembenukira kwa mkazi wake koyamba chilowereni. Anamufunsa kuti amake mwana, ndichite chiyani.

"Munanena pamaso pa amayi," anayankha. "Mukanenenso pamaso pa amayi."

Sanavomere, sanakane. Anavala chipewa, natithokoza, napita kukakwera lole. Ine ndinkafuna kudziwa ngati tapambana. Amayi anati sitikudziwa, ndipo kalata ija ndiing'ambe. Tinalembera wansembe mzere umodzi wakuti anthuwa ayankhulana. Kenako anandipatsa ntchito yomwe inandiwawa kwambiri, kulembera abusa onse kuti mabanja omwe ndinawachiritsa aja abwerenso. Ambiri anabweradi, bambo wa ku Chowe ali ndi chipsera chatsopano pamphumi.

Masabata awiri aja ndinaonda. Ndinkaganiza za ana atatu, ndi za bulangete la siginala. Kwa mkamwini kuima pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti ndinalakwa n'kovuta, ena amasankha kuwoloka nyanja. Pasaka inafika n'kudutsa, osamva kanthu.

Lachinayi lotsatira mayi uja analowa yekha, mwana kumbuyo, kapoto kokutidwa ndi nsalu kali m'manja. Nditaona kuti mwamuna palibe, mtima unagwa. Iye anakhala pamphasa, nalonjera Amayi mwaulemu, nafunsa za mapazi awo, osafulumira. Kenako anati bambo a ana ali kunyanja, utaka wachuluka, sakanatha kusiya anzawo.

Anatifotokozera kuti tsiku la Pasaka, atatuluka m'tchalitchi, mwamuna wake anapita kugolosale n'kugula paketi ya mchere. Anadikira mpaka apongozi ake, malume ndi ankhoswe onse awiri atakhala pabwalo. Anagwada, naika paketiyo m'manja mwa mkazi wake, nanena kuti mawu aja anali ake, opanda umboni, ndipo akupempha kuti athire yekha. Mayiyo anathiradi. Anati anathira wa miyezi itatu yonse m'poto umodzi wa chambo. Mwamuna wake anadya mutu mpaka mchira misozi ikutsika, namwa ndowa ya madzi. Ankhoswe nawo anawapakulira, ndipo panalibe amene analimba mtima kusiya.

M'kapoto muja munali utaka wofutsa womwe anatiphikira. Amayi, amene adokotala anawaletsa mchere, analawa kamodzi n'kutsinzina, kenako anatenganso wina. Ine ndinalawa lilime n'kuuma. Dzanja la mayiyo linali lisanazolowerenso muyeso.

Atatsala pang'ono kunyamuka ananditembenukira. Nkhope yake inali itasiya kuseka.

"Miyezi itatu, asisi. Amayi anga, malume, ankhoswe, azimayi anzanga a mpingo. Munthu woyamba kundifunsa munali inu."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinkadziwa kuti funso lija linatuluka chifukwa wina ananditsekera njira zina zonse, ndipo ndinafuna kuti adziwe zimenezo. Ndinayamba kufotokoza kuti ulemu si wanga, kuti pa uphungu wa mabanja wophunzira amayenera kukhala ndi womuyang'anira, kuti ngakhale kabuku kathu pa mutu wachisanu ndi chiwiri kamanena momveka bwino kuti...

Mayi uja anatambasula dzanja, natola mtedza umodzi m'lichero, nauponya yekha m'chitini.